Wilberforce ndi Anchito a Kwao

Ana athu a sukulu amdziwa William Wilberforce monga womenyera akapolo nkhondo, ndipo ulemu umenewo umuyenera. Pakuti m'caka ca 1807, atalimbika iye zaka zambiri, Nyumba ya Malamulo ya ku London inaletsa malonda a akapolo, obvomera 283, okana 16 okha. Koma mabuku athu alekeza pomwepo, ndipo potero atibisira mbali yina ya munthuyo.

Analowa m'Nyumbayo mu 1780, ali wa zaka 21, atamwaza mapaundi oposa 8,000 pa osankha a ku Hull, monga mwa makhalidwe a masikuwo. Kuyambira 1784 anaimira Yorkshire. Ndipo mu 1812, pofoka thupi, analandira mpando wa Bramber, kamudzi kokhala m'manja mwa mbale wa mkazi wace.

Nanga aumphawi a kwao? Zacifundo anawapatsa zambiri za m'thumba mwace, inde. Koma anaopa cipolowe conga ca ku France koposa njala yao. Mu 1799 anabvomereza lamulo loletsa anchito kupangana za malipiro ao. Ndipo mu 1819, asilikari a pa akavalo atapha anthu osonkhana ku Manchester, iye anakana kuti mlanduwo ufunsidwe.