Chadzunda wopanda litchowa agulidwe zingati?

Mu Ogasiti 2024, pa okushoni ina ku America, munthu anapereka madola 1.34 miliyoni kugula kachidole ka pulasitiki kosafika ndi masentimita 10 omwe. Pa mtengo wa boma wa chaka chimenecho, ndalamazi zikupitirira K2 biliyoni. Kachidoleko ndi ka Boba Fett, mlenje wa anthu wa m'mafilimu a Star Wars, ndipo kanapangidwa ndi kampani ya Kenner m'chaka cha 1979. Musafulumire kunena kuti azungu apenga, amangwetu. Tione kaye chomwe munthuyo anagula, pakuti nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi kuno.

Tizidole ta Boba Fett tinagulitsidwa tambirimbiri, ndipo tawamba sitivuta kupeza. Kodulaka kanasiyana ndi tinzake pa chinthu chimodzi chokha: kamzinga kofiira ka kumsana, kotalika ngati kachidutswa ka machesi, komwe kamauluka ukadina batani. Kumapeto kwa 1978 mwana wina anamwalira atatsamwa ndi kamzinga ka chidole cha kampani ina, ya Mattel. A Kenner anachita mantha, namata kamzinga kawo kuti kasamachoke. Tizidole ta mzinga wouluka tinatsala toyeserera chabe, ndipo sitinalowepo m'sitolo. Choncho mabiliyoni aja anagula kamzingako, chidolecho chinangoperekeza.

Masiku ano kuli makampani ongopangira akuluakulu zidole. Hot Toys ya ku Hong Kong imapanga zotalika pafupifupi masentimita 30, zovala nsalu zosokedwa ndithu, ndipo chimodzi chimagulidwa madola 250 kapena kuposerapo. M'bokosi mwake mumakhala manja osinthira, zida, nsapato, nthawi zina ndi mutu wachiwiri. Mwini wake akataya kadzanja kamodzi, mtengo wagwa. Akang'amba bokosi, wagwanso. Kulinso akatswiri omwe ntchito yawo ndi kuyeza chidole, kuchipatsa giredi ndi kuchitsekera m'kabokosi koonekera. Mlimi wa fodya wa kwa Dzoole yemwe anaperekezapo mabelo ake ku Kanengo sangadabwe nazo zimenezi. Akudziwa kuti tsamba ndi lomwelo koma giredi ndiyo imalamula.

Malamulo a msika umenewu ndi omveka: chidole chikhale ndi dzina, chikhale ndi zipangizo zake zonse, ndipo zidziwike komwe chachokera. Ndi muyeso umenewu ndikufuna tiyezere zathu.

Ifetu tili ndi zathu. Aliyense wokulira m'midzi ya pakati pa Mponela ndi Ntchisi, kapena cha ku Madisi, akudziwa kuti pabwalo sipatuluka chilombo chopanda dzina. Chadzunda, tate wa gule yense, ndi nkhalamba ya nkhope yakuda yamakwinya, yoyenda motsimphina, ndodo ndi litchowa zili m'manja ngati mfumu. Maliya ndi mayi waulemu, wa ndolo ndi duku. Simoni ndi wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa la Okutobala. Kapoli ndi wa nthenga, Makanja ndi wa miyendo yofika kudenga, Mbiyazodooka ndi wa mbiya yake pamutu. Mwana wa zaka 6 akaona nthenga zikutulukira kuseri kwa nkhokwe amatchula dzina asanaone n'komwe nkhope. Za kudambwe sindinena, sindikufuna kulipira mbuzi. Ndikunena zokhazo zomwe amayi oyimbira ndi ana othawa amaona masanasana.

Tsono pitani komwe amagulitsa ziboliboli, kaya ku Lilongwe pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, kaya m'mbali mwa msewu wopita kunyanja, mufunse tizidole ta gule. Akupatsani. Ndatigwira tambiri m'manja, ndipo ndinene mosapsatira kuti luso la mpeni lilipo. Nkhope amazisema bwino anyamatawa, makwinya ali m'malo mwake, mano ali m'malo mwake. Koma kuyambira m'khosi kutsika m'munsi ndi ulesi wokhawokha. Chidole chilichonse achiveka kansanza kofanana, achigwiritsa mkondo wofanana, achipaka polishi wa nsapato kuti chioneke ngati phingo. Mkondo! Kodi gule yense anasanduka Mngoni liti? Ndinafunsapo wogulitsa wina dzina la chidole china cha nkhope yofiira, iye n'kuti, "Ameneyu ndi Nyau, bwana." Ndinaloza china chakuda, yankho lomwelo. Zili ngati munthu kukuonetsa chithunzi cha banja lake n'kumati uyu ndi munthu, uyunso ndi munthu.

Wosemayo sindimuda kwambiri. Amagwira ntchito masiku angapo, wogulitsa n'kumupatsa yogulira sopo ndi mchere, ndipo wogulitsayonso amayambira kumwamba n'kutsika mpaka theka mlendo akangotembenuka ngati akupita. Pa msika wotere ndani angataye tsiku lathunthu akumanga kalitchowa ka ubweya wa mbuzi, pomwe wogula sakudziwa kuti Chadzunda amagwira litchowa? Koma apa ndi pomwe nkhuku yadya mazira ake. Chidole chopanda dzina chilibe poimira pokambirana mtengo. Chimapikisana ndi mvuu ya mtengo, supuni ya mtengo ndi kampando ka mfumu, ndipo mlendo amasankha chotsika mtengo chokwana m'chikwama. Kachipangizo komwe wosema akukaona ngati kotayitsa nthawi ndi komwe kakanamupatsa mphamvu yokana kutsitsa.

Kuti zimatheka tikudziwa, chifukwa zinachitikapo ku Mua m'boma la Dedza. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare anasonkhanitsamo nkhope za gule zoposa 400. Buku lake la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, limafotokoza gule mmodzimmodzi: dzina, chovala, chogwira m'manja, mwambo womwe amatulukira, ndi mwambi womwe amaphunzitsa. Mungatsutsane naye pa matanthauzo ena, ndipo akuluakulu ena amatsutsana nayedi, koma munthu wochoka ku Mua amachoka akudziwa kuti waona yani. Zoseketsa zake n'zakuti amishoni oyamba kufika m'boma lathu la Dowa, a Dutch omwe anakhazikika pa Mvera m'chaka cha 1889, ankachotsa mumpingo munthu wopezeka kubwalo. Lero kalembera wa gule anakalembedwa pa mishoni, ngakhale kuti ndi ya mpingo wina.

Pali msika winanso woposa wa tizidole, womwe umandiwawa kwambiri. Ndi wa nkhope zenizeni, zomwe ena amazitcha zigoba (eni mwambo andikhululukire liwuli). Kuno malamulo aja amatembenuzika. Wogula chidole cha pulasitiki amafuna chosakhudzidwa ndi dzanja la mwana, koma wogula za kwathu amafuna chovinidwa, chonunkha thukuta ndi utsi. Anyamata ochenjera anazindikira kalekale, amapachika chatsopano kutsindwi la khitchini miyezi ingapo kapena kuchikwirira m'dothi, chituluka chili gogo. Akuti tsabola wakale sawawa, koma kumsika uku wakale ndiye wowawa. Ndipo wogula wa pulasitiki salola kuti pasowe ngakhale kalamba, pomwe wogula za kwathu amadula nsanza, zikopa, khonje ndi nthenga, chifukwa ati zimabweretsa njenjete ndipo sizikhala bwino pakhoma. Amatenga mutu, thupi n'kulisiya. Ndiye amapachika chiyani pabalaza pake? Chadzunda wopanda kutsimphina, wopanda mbalule yomuitana, wopanda amayi omuombera m'manja. Akanakhala Boba Fett, akanamutcha chotsalira, n'kumugulitsa pa mtengo wa mandasi.

Ndalama zake zikachuluka sizibwerera kumudzi. Nkhani ya ku France ikutiphunzitsa. Banja lina la okalamba linagulitsa nkhope yosemedwa ndi a mtundu wa Fang a ku Gabon, ya gulu la chinsinsi la Ngil, kwa wogula zakale pa mayuro 150. M'chaka cha 2022 nkhope yomweyo inagulidwa pa okushoni ku Montpellier pa mayuro 4.2 miliyoni. Okalamba aja anakasuma, koma mu Disembala 2023 khoti linati analakwitsa okha posafufuza mtengo wa katundu wawo. Boma la Gabon, lomwe linapempha kuti nkhopeyo ibwerere kwawo, nalonso linabwezedwa. Wosema wake sanatchulidwe dzina ndi aliyense, pakuti palibe analilemba. Za kwathu sizinafike pa mitengo yotere, koma njira ndi yomweyo, ndipo chiyambireni pomwe UNESCO inalengeza m'chaka cha 2005 kuti Gule Wamkulu wa Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu onse, maso akunja akuchulukirachulukira.

Wina anena kuti, "Nanga inu a kunyuzipepala mukufuna tigulitse mizimu?" Ayi. Ndikusiyanitsa zinthu ziwiri. Chomwe chavina pamaliro a munthu si katundu, ndipo mfumu yolola kuti chikwere minibasi pa Mponela kupita kumsika yadya mbewu. Umboni woti eni ake sankawerengera mtengo ngati wosonkhanitsa zidole ndi Kasiyamaliro. Ameneyu ndi mkulu pa zilombo za usiku, wolukidwa ndi manja ambiri kuchokera ku nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, ntchito ya masiku osawerengeka. Mwambo ukatha, malinga ndi chikhalidwe cha makolo, amatenthedwa. Ntchito yabwino koposa ya mudzi wonse imasanduka phulusa, ndipo palibe amadandaula, chifukwa yagwira kale zomwe anailukira. Wa ku America uja amatsekera chidole m'galasi kuti mtengo usathawe. Anthu awiriwa sangamvane, ndipo sindikufuna kuti amvane.

Koma kachidole kosemedwa dala kuti kagulitsidwe ndi nkhani ina. Sikanapite kudambwe, sikanaperekeze maliro. Ndi chithunzi, monga momwe wojambula amajambulira gule pansalu. Kameneka ndiye tikaweruze ngati ntchito ya luso, ndipo ndikakaweruza motero ndikupeza kuti tambiri mwa tomwe tili pamsika ndi ntchito yosamalizidwa. Wosema wa ku Dowa kapena ku Ntchisi ali ndi mwayi womwe wa m'tauni alibe. Iyeyu waona gule ndi maso ake chiyambire ali kumbuyo kwa amayi ake, akudziwa momwe Maliya amapendekera khosi, akudziwa kuti gule wa kwa Kalumo savala ndendende ngati wa kwa Kayembe. Kusiyana kumeneku ndiko osonkhanitsa zidole amakufera. Chidole china cha Star Wars chotchedwa Jawa chinatuluka m'chaka cha 1978 ndi kamkanjo ka pulasitiki, kenaka kampani n'kusintha kuika kansalu, ndipo lero cha kamkanjo koyambako ndiye chodula. Ife tili ndi kusiyana kwenikweni kwa midzi ndi mafumu, koma tikukupaka polishi wakuda kuti kufanane.

Pa Mponela pamagona anthu andalama sabata ndi sabata, a maphunziro ndi misonkhano ya mabungwe ochokera ku Lilongwe. Akamabwerera amagula nyama, tomato, mbatata ndi mtedza. Ambiri mwa iwo ndi Achewa omwe ana awo akukulira ku Area 47 akudziwa Spider-Man kuposa Kapoli. Ogula oyamba a chidole chomalizidwa bwino ndi amenewa, osati mzungu, ndipo iwowa sungawanamize ndi mkondo. Ineyo ndikanapereka mowirikiza katatu pa Chadzunda wa ndodo yake ndi litchowa lake, woima mopendekera mwendo wodwalawo, wovala chikopa chenicheni, ali ndi kapepala konena dzina lake, mudzi womwe amavinidwa motero, mtundu wa mtengo, chaka, ndi dzina la wosema ngati iye mwini ndi akuluakulu a mudzi alola kuti litchulidwe. Maliya ndikanamugula mwezi wotsatira, poti nkhalambayi siyenda yokha.