Kabuku ka Enron ndi khomo lakumbuyo

Mu Julaye 2000, kampani ya Enron ya ku Houston, m'dziko la America, inagawira antchito ake kabuku ka masamba 64 kofotokoza khalidwe loyenera pa ntchito. Mawu oyamba analemba ndi wapampando wa kampaniyo, Kenneth Lay. M'kabukumo muli mfundo zinayi zimene Enron inati imayendera: ulemu, kukhulupirika, kulankhulana momasuka ndi kugwira ntchito mwaluso. Pa 2 Disembala 2001 kampaniyo inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake. Sheya imene inkagulidwa madola 90 mu Ogasiti 2000 inali itatsika osakwananso dola imodzi, ndipo antchito ambiri amene penshoni yawo inali m'masheyawo anatsala manja lende.

Anthu amakonda kunena kuti kabukuka kanali kabwino, koma akuluakulu ndi amene anakanyozera. Maganizo amenewa akukachitira chifundo kwambiri. Vuto linayambira m'kalembedwe kake momwe.

Taonani mfundo zinayizo. Ndi kampani iti ingalembe kuti imafuna mwano kapena chinyengo? Mawu amene aliyense angavomere salamula munthu kusiya kalikonse. Mfundo yeniyeni imatchula phindu limene kampani ili yokonzeka kulitaya, ngakhale litakhala lalikulu bwanji.

Pamene kabukuka kayesa kuletsa chinthu, kasiya khomo lakumbuyo. Lamulo linkaletsa wantchito kukhala ndi gawo m'bizinesi yochita malonda ndi Enron, pokhapokha wapampando ataona kuti kampani sivulala nazo. Mu 1999 bodi inalola mkulu woona za chuma, Andrew Fastow, kuyendetsa timakampani totchedwa LJM, tomwe tinkagulana katundu ndi Enron yomweyo. Fastow anapezapo madola oposa 30 miliyoni, ndipo timakampani totere tinathandiza kubisa ngongole ndi kukometsa mabuku a chuma. Kabuku ka 2000 kanatuluka chilolezocho chitaperekedwa kale.

Chimene chinkaphunzitsadi antchito khalidwe chinali kwina. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse komiti inkawapatsa magiredi kuyambira 1 mpaka 5, ndipo otsalira kumapeto ntchito yawo inali pachiswe. Bonasi yaikulu inkapita kwa wobweretsa mgwirizano wa ndalama zambiri, ngakhale phindu lake lisanaoneke. Munthu woopa giredi 5 angalankhule momasuka bwanji kwa bwana amene akamuimire kukomitiko?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene akulemba cholinga ndi mfundo za kampani yake ayambe wayankha mafunso atatu: timakweza ndani pa udindo, timachotsa ndani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoimika lamulo? Mayankho akasemphana ndi mawu opachikidwa pakhoma, antchito adzatsatira mayankhowo, chifukwa malipiro awo ali pamenepo.