Amisiri a milatho ya matabwa ku Lilongwe

Pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu pamadutsa mtsinje wa Lilongwe, wa magombe otsetsereka. Kukazungulira pa mlatho wa galimoto n'kotalikira, choncho anyamata a pamalopo anadzimangira milatho yawoyawo.

Luso lake si lamasewera. Amazika mitengo pansi pa mtsinje, n'kuipingasa kuti isagwedere, kenako n'kukhomerapo matabwa. Matabwawo ndi osiyana misinkhu, ena opindika, komabe amapirira mayi wosenza dengu la tomato ndi bambo wokankha njinga. Mlatho umanjenjemera, inde, koma anthu amawoloka ndithu, atapereka kandalama kwa wotolera amene amakhala kumapeto kwake.

Dzinja likafika, madzi osefukira amakokolola milatho ina. Madziwo akangophwera, nyundo zimayambanso kulira.