Ku Joni Si Maola Awiri Okha

Sabata yatha ndinali pa Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, nditanyamula ndakatulo 7 zomwe achinyamata ena a mu Zomba anandipatsa kuti ndiziunike. Zinayi mwa izo ndi za ulendo wa pandege wopita ku Joni, ndipo zonse zikuyimba nyimbo imodzi: mitambo ngati thonje, nyumba ngati nyerere, namwali wopereka tiyi akumwetulira, basi tafika.

Pa masamu sindiwatsutsa. Kuchoka pa Chileka kukatera ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imatha maola awiri ndi mphindi zochepa. Komatu zimenezi zinalembedwa kale pa tikiti. Mlakatuli tikumufuniranji?

Ndinawerengera imodzi agogo ena amene ankasoka ukonde padoko, munthu woti anagwirako ntchito ku migodi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa: "Mwanawe, mnzakoyu ndege anaikweradi, kapena anangoiona pa kalendala?"

Kwa iwo ulendo unkayambira pa Wenela mu Blantyre, pomwe lero timakwerera mabasi paja: kuvula malaya pamaso pa dokotala, kudinda chala, kudikira dzina. Ndege inkawasiya ku Francistown, m'dziko la Botswana, kotsalako n'kukwera sitima. Akazi awo ulendowo ankauwerenga ndi dzinja. Madzinja awiri, ndiye bambo abwere.

Ena sanabwere. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka pa Francistown kulunjika ku Blantyre, chifukwa mafuta ake anali atasakanizika ndi a mtundu wina. Anthu 78 anafa, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi obwerera kumudzi. Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu chaka chomwecho. Pamene agogowa ankandifotokozera, manja anali atasiya ukonde. M'ndakatulo zinayizi mulibe ndi fungo lomwe la zimenezi. Sindikuti aliyense alembe za maliro ayi, koma wouluka njira imeneyi ngati ndiye woyamba kuidutsa akutinamiza.

Werenganinso I Will Try, buku la Legson Kayira la 1965. Ku America anakafika pandege, inde, koma chomwe timakumbukira tonse ndi mapazi ake panjira ya ku Sudan.

Imodzi yokha ndiyo inandigwira mtima, nayonso pa ndime yachitatu basi. Mayi akugulitsa matemba ouma kuti awonjezere ya tikiti ya mwana wawo, ndipo pobwera kumsika ndalamazo aziwerenga kawiri asanazimange pansonga ya chitenje. Apa mtunda wa ku Joni ndinaumva m'mafupa. Tsoka ilo, ndime yotsatira mnyamatayo wathamangira kale kumitambo yake ya thonje ija.

Achimwene, ndakubwezerani pepala lanu. Ndadula ndime ziwiri zoyamba ndi zitatu zomaliza. Yambirani pa chitenje cha mayi anu, ndipo musafulumire kukafika pa Chileka.