Wailesi Siifa Yonse

Pa Mlare, m'mbali mwa msewu wa M1 ukamachoka pa boma la Karonga kulowera ku Chilumba, dzuwa la mwezi wa Okutobala silinyengerera munthu. Aliyense amasaka mthunzi. Ine ndinaupeza pakhonde la sitolo ina, pomwe bambo wina wokonza mawailesi ndi mafoni anayala zida zake patebulo la matabwa. Anthu akumeneko amangomuitana kuti fundi, mawu omwe anawoloka mtsinje wa Songwe pamodzi ndi katundu wa ku Kyela ndi ku Mbeya. Ndinakhala pansi kuti ndipume pang'ono chabe, koma minibasi zitatu zinandidutsa ndili chiyang'anire manja ake.

Pansi pa tebulo lake panali katoni yodzaza ndi mawailesi akufa, machaja oduka, matochi osweka ndi mabolodi obiriwira ozulidwa m'zinthu zosiyanasiyana. Wodutsa m'njira akanati ndi zinyalala. Kwa mwini wake, katoniyo ndiye sitolo yake ya zipangizo, ndipo amadziwa chili pansi ndi chili pamwamba monga mayi adziwira m'dengu mwake.

Kunabwera mayi wina ndi wailesi yokulunga m'chitenje. Fundi sanathamangire kumasula. Anayamba ndi mafunso, ngati dokotala: "Mayi, inangozima kamodzi kapena inayamba ndi kulira mokokomeza? Inagwapo? Mabatire anagonamo nthawi yayitali?" Atamva mayankho anaitengera kumphuno n'kuinunkhiza, chifukwa kachipangizo kopsa kamasiya fungo lake lomwe silibisika. Kenako anatsegula, nalumikiza batire, natenga sikuludiraiva yaying'ono n'kukhudza kamwendo kapakati ka chokwezera mawu. Sipika inang'ung'udza. Iye anagwedeza mutu mokhutira: kung'ung'udzako kunamuuza kuti mbali yokuza mawu ili moyo, vuto lili kutsogolo, komwe wailesi imagwirira siteshoni. Ndi kukhudza kumodzi kokha anagawa wailesi pawiri, theka lina n'kuliika pambali osalivutitsanso.

Apa ndi pamene ndinayamba kumusirira. Munthu wosadziwa amasintha ichi, kusintha icho, mpaka atawononga ndi zabwino zomwe. Mmisiri weniweni amachepetsa malo osakamo mpaka patatsala pamodzi. Anayendetsa timiyendo ta mita yake pabolodi, apa ndi apo, mpaka anaima pa capacitor ina yomwe inali itatupa pamutu. Anapisa dzanja m'katoni, natulutsa bolodi ya wailesi ya mtundu wina, nazulamo capacitor inzake. Sanaimate nthawi yomweyo. Anayamba wawerenga timanambala tolembedwa m'mbali mwake, chifukwa mavoti olembedwapo akhoza kuposa a yakale koma asachepere, ndipo anayang'ana kamzere kosonyeza mwendo wa negetivi, poti ukaitembenuza imaphulika. Chitsulo chake chomatira chinkatenthedwa ndi batire ya sola. Anachigunditsa pamwendo kanthawi kongokwana kupuma kamodzi, mtovu n'kusungunuka, n'kukhala kadontho kowala ngati diso la usipa. Ukachedwetsa chitsulo, kanjira ka kopa kamatukuka pabolodi. Ukafulumira, mtovu sugwira. Nthawi yoyenera ili m'zala zake, siili m'buku.

Wailesi inalankhula. Mayi uja anaseka, nalipira, nakulunganso m'chitenje.

Chomwe fundi wa pa Mlare amadziwa, ndipo ambiri a ife sitidziwa, n'chakuti chipangizo cha magetsi sichifa chonse. Mwa tizigawo makumimakumi tomwe tili m'wailesi, kawirikawiri kamafa n'kamodzi kapena tiwiri. Totsalato tikudikira munthu wa maso. Ndipo Mmalawi amene anaonetsa dziko lonse kukula kwa nzeru imeneyi ndi William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe m'boma la Kasungu.

Nkhani yake yaikulu ambiri timaidziwa. Anabadwa mu 1987. Njala ya 2001 mpaka 2002 inasesa nkhokwe za makolo ake, fizi inasowa, iye n'kusiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo. Mu laibulale yaying'ono ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe anapeza mabuku a sayansi, lina lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto, lina Explaining Physics. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankawerenga kwambiri zojambula kuposa mawu. Ali ndi zaka 14 anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu kuseri kwa nyumba, babu n'kuyaka, anthu omwe ankati wapenga n'kuyamba kubwera kudzaona. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, mu 2007 anakalankhula ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, mu 2009 kunatuluka buku lomwe analemba ndi Bryan Mealer, mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu yake.

Koma ine mtima wanga suli pa nsanja, kapena pa filimu. Uli pa tinthu ting'onoting'ono tomwe kamera sichedwapo.

Asanaganize n'komwe za mphepo, William ndi msuweni wake anali okonza mawailesi a anthu m'mudzi, ngati fundi wa pa Mlare. Analibe chitsulo chomatira. Ankatenthetsa waya pamoto. Analibe ndalama za mabatire. Ankatola otayidwa n'kuwalumikiza angapo kuti mphamvu yotsalira mwa lililonse iphatikizane. Sukulu yake yeniyeni inali imeneyo. Pamene ankalowa m'dzala la zitsulo zakale la esiteti ya fodya pafupi ndi Kachokolo, anali kale ndi maso odziwa kusiyanitsa chakufa ndi chogona. M'menemo anapeza fani ya thirakitala ndi shock absorber. Mapiko anawapanga ndi mapaipi a pulasitiki omwe anawang'amba, kuwawamba pamoto n'kuwawongola. Analibe chobowolera, ndiye anakhoma msomali m'chitsononkho kuti chikhale chogwirira, n'kumauwotcha mpaka ufiire, n'kumabowola nawo. Mawasha atasowa anasula zotsekera za mabotolo a Carlsberg. Felemu inali ya njinga yakufa ya bambo ake, ndipo dayinamo anamugulira mnzake, mwana wa mfumu.

Taganizirani za dayinamo imeneyo. Inapangidwa kuti iziyatsa nyali imodzi ya njinga usiku. Mkati mwake muli maginito ozungulira pafupi ndi waya wokulungidwa, ndipo magetsi omwe imatulutsa amapita uku n'kubwerera, uku n'kubwerera. Babu silisamala zimenezo, limayaka basi. Koma batire ya galimoto, yomwe William ankafuna kuti izisunga mphamvu mphepo ikaleka, imafuna magetsi oyenda njira imodzi. Yankho linali diode, kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga, komwe kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Anakazula m'wailesi yakale. Mnyamata wa Fomu 1 wosiya sukulu anamvetsa vuto, anadziwa dzina la mankhwala ake, ndipo anadziwa mtembo wa chipangizo momwe akawapeze.

Maswichi a m'nyumba anawapanga ndi labala wa patapata ndi tizitsulo. Koma chomwe ndimachivulira chipewa ndi chodulira magetsi chake. Mawaya ake anali otoleza, ena osakutidwa bwino, ndipo denga linali la udzu. Mawaya awiri akanakhudzana usiku, banja lonse likanapsera m'nyumba. Anaona m'buku chojambula cha belu la magetsi, momwe waya wokulungidwa pachitsulo umasandukira maginito magetsi akamadutsa. Iye sanapange belu. Anatenga misomali iwiri, naikulunga waya wa kopa, naika pakati pake maginito ochotsa m'sipika. Magetsi akamayenda bwino, maginito aja amakhala phee pakati. Akangosefukira chifukwa mawaya agundana, msomali umodzi umakoka mwamphamvu, maginito n'kusuntha, njira ya magetsi n'kuduka. Fyuzi ikapsa imafuna ina. Ichi umangochibwezera pamalo pake. Kutenga nzeru ya chinthu china n'kuigwiritsa pa vuto lomwe wolemba buku sanaliganizire, umenewo ndiwo umisiri, ndipo ndimaona kuti kachipangizo kameneka kakuposa nsanja yonse.

Anzathu a kunja ali nawo mwambo womwewu, kungoti kwawo umatchuka ndi makompyuta. Mu 1975 ku Menlo Park, ku California, anthu okonda kusewera ndi zipangizo anayamba kukumana m'galaja, gulu lawo n'kutchedwa Homebrew Computer Club. Kumeneko ndi komwe Steve Wozniak anaonetsa kompyuta ya Apple I, yomwe anaimanga pa chip cha 6502 chifukwa chinali chotchipa, pafupifupi madola 25. Mpaka lero alipo anthu omwe amagula tizipangizo takale n'kumanga makompyuta a mtundu umenewo patebulo la kunyumba, n'kumalemba okha mapulogalamu ake, chifukwa makina akalewo munthu mmodzi akhoza kuwamvetsa kuyambira waya woyamba mpaka womaliza.

Nzeru yotereyi inagwirapo ntchito yopulumutsa miyoyo kuno kwathu. Kampani ina ya ku America, Netpliance, inkagulitsa timakompyuta totchedwa I-Opener pamtengo wa madola 99, malonda ake n'kugwa, timakinato n'kusanduka zotsala. Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anatigula motchipa, natisintha kuti tizigwira ntchito pongokhudza pagalasi ndi chala, natikonza kuti tizilandira mphamvu kuchokera ku mabatire kuti magetsi akazima ntchito isaime. Kuyambira 2001 timakinati tinayamba kulembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, cha Kamuzu Central, ndipo pambuyo pake njirayi inafalikira ku zipatala zopereka ma ARV. Ngati munamatidwapo kapepala ka mizeremizere pabuku lanu la kuchipatala, mwina munadutsa m'manja mwa ntchito imeneyi. Mapulogalamu ake ambiri analembedwa ndi Amalawi, ndipo mmodzi mwa iwo, Soyapi Mumba, anakafotokoza za ntchitoyi ku TEDGlobal mu 2017.

Alipo enanso. Ku Mzimba, Colrerd Nkosi anapanga magetsi ndi kompuresa ya firiji yakufa pamtsinje wa Kasangazi, kenako zitsulo za makina otongolera chimanga, mudzi wa Yobe Nkosi n'kuwala. Ku Mulanje, Gabriel Kondesi anamanga siteshoni yake ya wailesi, ya Pachikweza, ndi zipangizo zotoleza. Mu 2009 anamangidwa chifukwa chowulutsa mawu popanda chilolezo. Lamulo ndi lamulo, sindikutsutsa, koma zimandipweteka kuti dziko linamudziwa mnyamata ameneyu kudzera kukhoti.

Ndisanachoke pa Mlare fundi anandionetsa chinthu chomwe chikumudetsa nkhawa. Anatsegula kawailesi katsopano kotchipa. Mkati munalibe choti n'kuzula: kabolodi kakang'ono, pakati pake dontho lakuda louma lomwe labisa ubongo wonse. Likafa limenelo palibe mita kapena mtovu womwe ungathandize. Mafoni ambiri atsopano nawo amabwera omatidwa ndi guluu, tizipangizo take tochepa kuposa mchenga wa kunyanja. Wailesi yakale inkaphunzitsa aliyense woitsegula. Zatsopanozi zimatseka pakamwa. N'chifukwa chake katoni ija ndi yamtengo wapatali kuposa momwe ikuonekera. M'menemo ndi momwe mwana angaonemo transistor ndi maso, kuigwira, kuiwotcha molakwitsa, n'kuphunzira. Ana athu amaloweza za magetsi kuti akhoze mayeso a MSCE, ambiri osagwirapo diode ngakhale kamodzi, pamene mphunzitsi wodziwa ali pakhonde la sitolo, mtunda woyenda pansi kuchoka pasukulu.

Pambali pa tebulo lake panaima kamnyamata ka zaka ngati khumi, kovala yunifolomu, maso ali pa chitsulo chomatira. Fundi sanakathamangitse. Anakapatsa bolodi yakufa ndi pulayala kuti kazizulamo tizipangizo n'kumatisanja m'chitini potengera mtundu.

Inu muli ndi wailesi yakufa pamwamba pa kabati, kapena chaja yoduka m'dirowa. Musaziponye m'dzenje, ndipo musaziwotche. Zitengereni kwa mmisiri wa pamsika wa kwanu, ndipo popita mutenge mwana wanu kuti akaone ikamatsegulidwa.