Podulira nkhani: Dickens m'makutu a pakomboni

Buku la Great Expectations limene ndinabwereka kusukulu ku Macheke linalibe chikuto, ndipo masamba ake anali atachita chikasu ngati fodya wongotuluka m'balani. Agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, Chingerezi chawo chinali cha kumunda basi. Tsono madzulo ndinkawerenga tsamba limodzi, kenako nkulifotokoza m'Chichewa, iwo ali chete ndi kaliwo kukamwa. Nkhani ikangoyamba kukoma, agogo aakazi ankauzira koloboyi. "Basi iwe, palafini si madzi a pachitsime." Tinkagona mtima uli m'mwamba, ndipo kukacha agogo ankapita kukasankha fodya akudzifunsa ngati kamnyamata kamasiye kaja kagwidwe.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati umphawi ukundidulira buku. Ndazindikira ndili wamkulu kuti anthu oyamba kuwerenga Charles Dickens ku Britain nawonso ankamulandira chodukizadukiza, ndipo iye ankalembera dala kuti alandiridwe choncho.

Mabuku ake onenepa amene timawaona m'mashelefu lero sanabadwe otero. The Pickwick Papers inayamba kutuluka mu 1836 ngati timabuku ta mwezi ndi mwezi, tosindikizidwa ndi Chapman and Hall. Kabuku kamodzi kankagulidwa shileni imodzi, kali ndi masamba 32, zithunzi ziwiri ndi chikuto chobiriwira. Nkhani yonse inkakhala ndi zigawo 20, ziwiri zomaliza nkutulukira pamodzi, kutanthauza kuti wowerenga ankakhala nayo nkhaniyo miyezi yosachepera 19. Poyamba timabukuto sitinkayenda malonda, koma atalowamo Sam Weller, wantchito wa pakamwa pothwa uja, anthu anakhamukira mpaka kufika makope pafupifupi 40,000 pamwezi. Ndipo amene ankamva nkhanizo anali ochuluka kuposa ogula. Bambo ankawerengera banja lake madzulo, ndipo osadziwa kuwerenga ankasonkhana pamene pali mmodzi wodziwa.

Munthu wolembera anthu odikira amafunika luso limene wolemba buku lathunthu angathe kukhala wopanda, ndilo kudziwa podulira. Great Expectations inkatuluka sabata ndi sabata m'magazini ya Dickens yemwe, All the Year Round, kuyambira Disembala 1860 mpaka Ogasiti 1861, zigawo 36. Taonani pamene chigawo choyamba chikuthera. Pip, kamnyamata kamasiye kaja, wakumana kumanda ndi mkaidi wothawa amene wamuopseza kuti amubweretsere chakudya ndi tupa. Mwanayo waba zinthuzo m'nyumba ya mlongo wake waukali, kunja kukungocha, ndipo akuthamangira kudambo kuli nkhungu. Dickens akuima pomwepo. Mwana ali panjira, katundu wakuba ali m'manja, kutsogolo kuli chigawenga, kumbuyo kuli mkwapulo. Kudula kotere sikubisa kanthu kwa wowerenga. Zonse wazidziwa, nchifukwa chake sangagone. Olemba ena amadula pongofuna kukoka anthu, mfuti italozedwa kapena chitseko chikutseguka, ndipo sabata yamawa mumapeza kuti panalibe kanthu. Dickens akakhala pa luso lake lenileni amadula pamene munthu wachita kale chinthu chosabwezeka, ndipo chatsala nkulipira.

Vuto lina la nkhani yoyenda miyezi ndi kuiwala. Munthu amene munamuona mu Januwale mukamukumbukira bwanji mu Meyi? Apa mpamene ambiri amamunena Dickens kuti anthu ake ndi okokomeza, ngati zidole. Ine sindivomereza. Iye ankapatsa munthu aliyense chizindikiro chimene khutu silingataye. Loya Jaggers amasamba m'manja ndi sopo wonunkhira akatha kulankhula ndi anthu a milandu. Miss Havisham anaimitsa mawotchi onse pa nthawi imene mwamuna anamuthawa tsiku laukwati, ndipo akadali m'diresi lomwelo. Amene anakulira pakomboni akudziwa kuti gule akamatuluka kudambwe safuna kutchulidwa dzina. Mayendedwe okha akukuuzani kuti uyu ndi Chadzunda, uyu ndi Maliya. Agogo mayina achizunguwo ankawalephera, koma sanasokonezepo munthu ndi mmodzi yemwe. Jaggers anali "wosamba m'manja uja", Miss Havisham "mayi wa mawotchi".

Panalinso kuyankhana. Wonena nthano akati "padangokhala" amadikira "tili tonse", ndipo mawuwo akayamba kufooka amadziwa kuti ana akuodzera, asinthe mwendo. "Tili tonse" wa Dickens anali malonda ndi makalata, chifukwa nthawi zambiri ankalemba chigawo chotsatira anthu akuwerenga chapitacho. Martin Chuzzlewit atayamba kugwa malonda mu 1843, anamunyamula mnyamata wa m'nkhaniyo nkumutumiza ku America. Great Expectations nayonso anaiyamba mofulumira pofuna kupulumutsa magazini yake, imene anthu ankaitaya chifukwa nkhani ya Charles Lever sinkawagwira mtima. Kumvera anthu koteroko kuli ndi mtengo wake. Pena nkhani imatalika pongofuna kudzaza masamba, pena achibale otayana amapezana mosavuta kwambiri, ndipo imfa ya Little Nell mu The Old Curiosity Shop, imene inaliza anthu mu 1841, lero imamveka ngati maliro olira mokakamiza. Mathero a Pip nawonso anawafewetsa atalangizidwa ndi mnzake Edward Bulwer-Lytton, ndipo ine ndimaona kuti oyamba aja, owawa, ndiwo anali oona.

Macheke nayo inalowa m'mabuku a Chingerezi. Doris Lessing, amene anakulira papulazi ku Banket akuwerenga Dickens m'mabuku oitanitsidwa ku England, ankadzacheza pahotela ya ku Macheke m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu The Golden Notebook ya 1962 malowo anawatcha Mashopi. M'menemo muli wophika wa pahotela, Jackson, amene amachotsedwa ntchito chifukwa cha zochita za alendo achizungu. Timamuonera pakhomo la khitchini. Zimene anthu ngati iye ankamva akamvetsera nkhani usiku, mabuku a nthawiyo sanazilembe.

Ine ndinaziona kamodzi. Tinafika pamutu 39, pamene Pip, tsopano njonda ya ku London, akumva mapazi pamasitepe usiku wa mvula yamkuntho. Wolowayo ndi Magwitch, mkaidi wa kumanda uja. Anamuthamangitsira ku Australia, kumeneko anaweta nkhosa, nakhala zaka akutumiza ndalama mobisa kuti mwana amene anamupatsa chakudya adzakhale bwana. Wabwera, akudziwa kuti akagwidwa anyongedwa, kuti angoona chimene thukuta lake linapanga. Akutambasula manja onse awiri, ndipo Pip akunyansidwa naye.

Pofotokoza ndinafulumira, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo ndinkafuna kumaliza. Sindinaganize kuti ndikuuza mtchona, munthu amene anatha zaka akutumiza ndalama ku Dedza kuphunzitsa ana a mlongo wake, ndipo makalata a kumeneko anali atasiya kubwera. Palafini analipo wokwanira usiku umenewo, agogo aakazi sanayandikire koloboyi. Anali agogo aamuna amene anachotsa kaliwo kukamwa.

"Tseka pomwepo, mdzukulu. Mawanso usawerenge."

Buku linakhala pansi pa mphasa masiku anayi. Lachisanu madzulo, akusamba m'manja titadya nsima, anafunsa osandiyang'ana: "Nanga mkulu uja, mwanayo anam'patsa pogona?"