Satana wa Marie Corelli

Alendo amakhamukila ku Stratford-upon-Avon caka ndi caka kukaona kwao kwa Shakespeare. Ndi ocepa amene amafunsa za Marie Corelli, amene anamwalila m'tauni yomweyo mu 1924. Komatu m'zaka za m'ma 1890 mabuku a mayi ameneyu anali kugulidwa koposa a olemba ambili a ku England, ndipo Mfumukazi Victoria nayo inali kuwaŵelenga.

Dzina lake lenileni linali Mary Mackay. La Corelli anadzipatsa yekha. Openda mabuku m'manyuzipepala anali kumunyoza, iyenso osawanyengelela. Potulutsa The Sorrows of Satan mu 1895 anakana kuwatumizila makope aulele. Wofuna kupenda, akagule.

Buku limeneli ndilo ndifuna kuliikila kumbuyo. Geoffrey Tempest, wolemba nkhani amene njala yamugwila pakhosi mu London, alandila mwadzidzidzi coloŵa ca mapaundi 5 miliyoni, ndipo tsiku lomwelo apeza bwenzi, Kalonga Lucio Rimânez. Woŵelenga sacedwa kuzindikila kuti kalongayo ndi Satana. Cimene cimandigwila mtima n'cakuti Satana uyu ndi wotopa. Amayesa anthu cifukwa ndiyo nchito yake, koma mumtima amalakalaka kuti amukane, pakuti munthu aliyense womukana amamusendeza kufupi ndi kumwamba kumene anagwako. Munthu akagonja, iye amamva cisoni. Ganizo limeneli ndi lakuya, ndipo Corelli analigwila bwino: paliponse pamene Lucio alankhula, nkhani imakhala ndi moyo.

Vuto ndi Mavis Clare. Uyu ndi wolemba wamkazi woyela mtima, wokondedwa ndi anthu wamba, wodedwa ndi openda mabuku ansanje. Onani zilembo zoyamba za dzina lake, M.C. Corelli anadziloŵetsa yekha m'buku kuti adziombele m'manja, ndipo Mavis akangoonekela nkhani imaima, ulaliki n'kuyamba. Masamba oŵelengeka ndimawadumpha popanda manyazi. Ndiganiza kuti kudzitama kumeneku, osati nkhanza za openda mabuku, ndiko kunamuiŵalitsa.

Koma sanaiŵalike konse nthawi imodzi. Ku Nigeria ndi ku Ghana anthu anapitiliza kumuŵelenga zaka zambili England atamutaya kale. Ine sindidabwa. Kwa anthu amene saona Satana ngati fanizo cabe, funso lakuti cuma cobwela usiku umodzi cacokela kwa ndani silinali loseketsa.